Kodi uchidakwa ndi matenda kapena ndi zimene munthu amachita kusankha?

Mlongo Wodandaula analemba kuti:

Ndikupempha maganizo anu pa nkhani imene yagawanitsa banja lathu. Achimwene anga aakulu akhala akumwa mowa kwa zaka zambiri, ndipo panopa zafika poti ntchito anachotsedwa, akazi awo anawasiya, ndipo thanzi lawo likulowa pansi. Bambo athu amanena kuti achimwenewo akuchita dala ndipo kuwamvera chisoni n'kuwawononga, pakuti palibe amene amawagwira pakhosi n'kuwathira mowa m'kamwa. Mayi athu, chimvereni kwa dokotala kuti uchidakwa ndi matenda, amaona kuti kuwakalipira n'kulakwa chifukwa wodwala sakalipiridwa.

Ine ndili pakati, ndipo chimene chimandizunguza mutu n'chakuti mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake. Achimwene akadziwa kuti mawa akukaonekera kwa munthu amene angawalembe ntchito, amatha kudziletsa tsiku lonse osalawa ngakhale dontho. Kodi alipo matenda amene amadikira kuti wodwalayo amalize kaye zofunika zake? Komanso ndawaonapo akulira ndi kulumbira kuti sadzamwanso, ndipo sindikayika kuti pa nthawiyo amalankhula zochokera pansi pa mtima, koma sabata isanathe amakhala atabwerera. Munthu wanzeru zake angasankhe bwanji chinthu chimene chamulanda ntchito, banja ndi ulemu, iye mwini akuona? Funso langa likukhudzanso amene amagwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo, chifukwa ndikuganiza kuti gwero la vutoli ndi limodzi. Ndingakonde kumva zimene akatswiri anapeza, osati mawu ongondilimbitsa mtima.

Namwino analemba kuti:

Mayi, pepani ndi zimene banja lanu likukumana nazo. Ndagwira ntchito ya unamwino kwa nthawi yaitali ndipo ndasamalira anthu ambiri amene anagonekedwa chifukwa cha mowa. Yankho langa ndi lakuti uchidakwa ukakhwima ndi matenda, koma ndisanafotokoze chifukwa chake ndiyambe ndi chenjezo, popeza iyi ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri sayenera kusiya mwadzidzidzi asanaonane ndi achipatala. Mowa umafooketsa ntchito za ubongo, ndipo ubongo umene umafooketsedwa tsiku lililonse umadzikonza kuti uzigwira ntchito mothamanga pofuna kubweza mphamvu imene mowa ukuchotsa. Mowawo ukasowa mwadzidzidzi, kuthamangako kumatsala kopanda choletsa. Tsiku lisanathe manja amayamba kunjenjemera, thukuta limatuluka, mtima umagunda mofulumira ndipo munthu amachita nseru. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo ena ochepa, pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi, amalowa mu vuto la kusokonezeka mutu kwakukulu limene madokotala amalitchula kuti delirium tremens. Ndinasamalirapo bambo wina wachikulire, waulemu wake, amene usiku wonse ankakutumula zofunda ndi kudzikanda chifukwa ankaona tizilombo tikuyenda pabedi, osazindikira ngakhale mwana wake amene anakhala pambali pake. Vutoli limapha likapanda kuthandizidwa. Kuchipatala timapereka mankhwala monga diazepam kuti ubongo ukhazikike pang'onopang'ono, pamodzi ndi vitamini B1 imene zidakwa zambiri zimasowa m'thupi, ndipo kusowa kwake kumatha kuwononga ubongo mpaka munthu osadzathanso kukumbukira zinthu zatsopano. Choncho banja lisawatsekere achimwene anu m'nyumba n'cholinga choti asiye, monga mabanja ena amachitira ndi mtima wabwino.

Maganizo akuti uchidakwa ndi matenda si atsopano. Dokotala wa ku America, Benjamin Rush, analemba zimenezi mu 1784, dokotala wa ku Sweden, Magnus Huss, anafotokoza mwatsatanetsatane za matendawa mu 1849, ndipo bungwe la madokotala la American Medical Association linavomereza mu 1956 kuti zidakwa zizilandiridwa m'zipatala ngati odwala ena onse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2019 mowa unachititsa imfa za anthu pafupifupi 2.6 miliyoni, ndipo anthu oposa 200 miliyoni anali atafika poti thupi ndi maganizo awo zimadalira mowa.

Zimene zimachitika mu ubongo zinayamba kudziwika mu 1954, pamene James Olds ndi Peter Milner a ku yunivesite ya McGill ku Canada anapeza kuti khoswe woikidwa kawaya pamalo ena a ubongo amadina kabatani kopereka mphamvu yamagetsi pamalopo mobwerezabwereza osatopa. Malo amenewa amagwira ntchito ndi timadzi totchedwa dopamine, ndipo ntchito yake yachibadwa ndi kuphunzitsa cholengedwa kuti chinthu chakutichakuti n'chofunika, chichifunefunenso. Chakudya, madzi ndi chikondi zimadzutsa malo amenewa pa mlingo woyenera, pamene mowa, fodya ndi mankhwala osokoneza bongo monga heroin ndi cocaine zimawadzutsa mopitirira muyezo. Nora Volkow, amene anasankhidwa mu 2003 kukhala mkulu wa bungwe la boma la America lofufuza za mankhwala osokoneza bongo, anaonetsa ndi makina ojambula ubongo kuti anthu amene akhala nthawi yaitali pa mowa kapena cocaine amakhala ndi malo ochepa olandirira dopamine, komanso kuti mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kulingalira zotsatira ndi kudziletsa, imagwira ntchito mofooka. Ndiye kuti chilakolako chakula pamene chodziletsera chachepa.

Palinso nkhani ya kumtundu. Kafukufuku wa mapasa komanso wa ana oleredwa ndi makolo ena anaonetsa kuti pafupifupi theka la chiopsezo chokhala chidakwa munthu amabadwa nacho. Anthu ambiri a kum'mawa kwa Asia, ku China, Japan ndi Korea, amabadwa ndi thupi limene limalephera kugaya bwino poizoni wotsalira mowa ukaphwanyidwa m'chiwindi, moti akangomwa pang'ono nkhope imafiira ndipo amamva kuipa, ndipo pakati pa anthu oterewa zidakwa zimakhala zochepa. Sikuti iwowa ali ndi khalidwe loposa anzawo, koma thupi lawo limawakaniza. Anthu awiri akhoza kuyambira limodzi kumwa, mlingo wofanana, wina n'kusiya mosavuta wina n'kukodwa.

Pa funso lanu la tsiku limodzi limene achimwene anu amadziletsa, ndinganene kuti chimene chimaonongeka si mphamvu yokana kamodzi, koma mphamvu yopitiriza kukana tsiku ndi tsiku, munthu atatopa, atakhumudwa kapena atadutsa pamalo amene ankamwera. Mu 2000, Thomas McLellan ndi anzake anayerekeza anthu olandira chithandizo cha mowa ndi mankhwala osokoneza bongo ndi anthu odwala shuga, mphumu ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anapeza kuti kubwerera m'mbuyo kumachitika pa mlingo wofananako, anthu 40 mpaka 60 mwa 100 alionse kumbali ya mowa ndi mankhwalawa. Matenda enawa nawonso amatha kukula chifukwa cha kadyedwe kapena kakhalidwe ka munthu, koma palibe amene amanena kuti shuga si matenda.

Mphunzitsi Wopuma analemba kuti:

Mayi namwino, ndawerenga mofatsa zimene mwalemba, ndipo chenjezo lanu la kusiya mwadzidzidzi ndikugwirizana nalo kwathunthu. Koma ndikuona kuti mwaphatikiza zinthu ziwiri zimene ziyenera kulekanitsidwa. Kunjenjemera ndi thukuta ndi umboni woti thupi lazolowera, ndipo zimenezi zimachitikiranso wodwala amene wapatsidwa morphine kwa masabata angapo chifukwa cha ululu, koma ambiri mwa odwala oterewa akachira sapita kukafunafuna mankhwalawo. Komanso chidakwa chikagonekedwa m'chipatala, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kunjenjemera kumatha ndipo thupi limayera. Funso la mayiwa lagona pa zimene zimachitika pambuyo pake, munthu wa thupi loyera akanyamuka ndi miyendo yake kupita kukagula botolo.

Pali nkhani imene aliyense wokhulupirira kuti ili ndi vuto la ubongo losachiritsika ayenera kuyankhapo. Mu 1971 boma la America linachita mantha litazindikira kuti asilikali ake ambiri ku Vietnam ankagwiritsa ntchito heroin, amene kumeneko anali wotsika mtengo komanso wamphamvu. Linalamula kuti msilikali aliyense aziyezedwa mkodzo asanakwere ndege yobwerera kwawo, ndipo linapempha katswiri wina wamkazi, Lee Robins, kuti atsatire moyo wa asilikaliwo. Iye anapeza kuti pafupifupi 20 mwa asilikali wamba 100 alionse anali atakodwa ndi heroin ali kunkhondo. Aliyense ankayembekezera kuti dziko lidzadzaza ndi anthu osokonekera, koma mwa amene anali atakodwawo, pafupifupi 5 okha mwa 100 ndi amene anakodwanso m'chaka choyamba, ndipo pakutha kwa zaka zitatu anali pafupifupi 12 mwa 100. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti ambiri analawanso heroin atafika kwawo koma osakodwanso. Ubongo wawo unali womwewo, mankhwala anali omwewo, koma moyo wowazungulira unali utasintha: nkhondo inali itatsala kumbuyo, ndipo kutsogolo kunali mabanja, ntchito ndi sukulu.

Chachiwiri, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Stephen Higgins wa ku yunivesite ya Vermont anayamba kupereka makuponi ogulira zinthu kwa anthu ogwiritsa ntchito cocaine nthawi iliyonse imene mkodzo wawo wapezeka wopanda mankhwalawo, ndipo mtengo wa makuponiwo unkakwera munthu akamapitiriza kudziletsa. Njirayi inathandiza kwambiri moti mpaka pano ili m'gulu la njira zodalirika pa cocaine, amene alibe mankhwala ovomerezeka omuthetsera. Carl Hart wa ku yunivesite ya Columbia nayenso anaonetsa kuti anthu osuta cocaine akapatsidwa mwayi wosankha pakati pa mankhwalawo ndi ndalama, nthawi zambiri amasankha ndalama ngati zili zokwanira. Tsono ndifunse, kodi wodwala khansa mungamulonjeze makuponi kuti chotupa chake chiphwe? Chinthu chimene chimamva mphotho ndi chilango chili ndi mbali yaikulu ya kusankha, ndipo mfundo imeneyi ndi imene katswiri wa za maganizo Gene Heyman anatsindika mu 2009 pamene anaonetsanso kuti ambiri mwa anthu amene anakodwapo ndi mankhwala oletsedwa amasiya akamafika zaka za m'ma 30, ambiri popanda kupita kuchipatala, udindo wa banja ndi ntchito ukawakulira.

Fodya ndi chitsanzo chimene tonse tingachione. Kafukufuku wa ku America wa mu 1994 anapeza kuti mwa anthu amene analawapo fodya, pafupifupi 32 mwa 100 anakodwa, pamene heroin anakola 23, cocaine 17, mowa 15 ndipo chamba 9. Fodya ndiye anali patsogolo pa zonse, komabe chiwerengero cha akuluakulu osuta m'dzikolo chinatsika kuchoka pa 42 mwa 100 mu 1965 kufika pa 14 mwa 100 mu 2019, ndipo ambiri anasiya paokha atamva kuopsa kwake, mitengo itakwera ndiponso malo osutira atachepa. Ku Scotland, boma litakhazikitsa mu 2018 mtengo wotsikitsitsa umene mowa ungagulitsidwe, imfa zobwera mwachindunji ndi mowa zinatsika ndi pafupifupi 13 pa 100 alionse poyerekeza ndi mmene zikanakhalira. Ngakhale omwa kwambiri amawerengera za m'thumba.

Za zithunzi za ubongo, sindikutsutsa kuti ubongo umasintha, koma ubongo umasintha ndi chilichonse chimene munthu amachita mobwerezabwereza. Oyendetsa matakisi a ku London, amene amaloweza misewu yambirimbiri ya mzindawo, anapezeka mu 2000 kuti mbali ya ubongo wawo yosunga malo inali yaikulu kuposa ya anthu ena, ndipo palibe amene anati akudwala. Chizolowezi chili ngati kanjira ka m'tchire, kamene kamakula chifukwa chopondedwa tsiku ndi tsiku mpaka phazi limangolowa lokha, koma kakasiyidwa udzu umamera. Nkhawa yanga ndi yakuti munthu akauzidwa kuti ali ndi matenda a ubongo amene sadzachoka, timakhala tamulanda chida chimene akufunikira kwambiri, chomwe ndi chikhulupiriro choti akhoza kusintha, ndipo mwinanso tamupatsa chonamizira. Ndiwonjezere kuti opanga mowa sangadandaule ndi maganizo akuti vuto lili mwa anthu ochepa odwala osati m'katundu wawo.

Ndinasiya Kumwa analemba kuti:

Achemwali, ine si katswiri, koma ndinali kumene kuli achimwene anu, ndipo papita zaka ndisanalawe mowa. Ndifotokoze mmene zimakhalira mkati, chifukwa akunja amaona ngati munthu amakhala pansi n'kuyeza mowa mbali ino, banja mbali inayo, kenako n'kusankha mowa. Sizinkachitika choncho.

M'mawa ndinkadzuka ndi matsire komanso manyazi, ndipo ndinkatsimikiza ndi mtima wonse kuti lero ayi. Cha kumasana mtima unkayamba kusakhazikika. Dzuwa likamapendeka malovu ankadzaza m'kamwa, ndipo maganizo ankayamba kundibweretsera zifukwa zooneka zanzeru: kuti ndimwe botolo limodzi lokha kuti manja asiye kunjenjemera, kuti kusiya kumafunika kuyamba pa tsiku loyamba la mwezi, kuti munthu amene wavutika ngati ine ayenera kupumako. Sindinasankhepo kutaya banja langa. Chimene ndinkasankha, tsiku lililonse, linali botolo limodzi, ndipo pa nthawi imeneyo banja linkaoneka lakutali pamene botolo linali pafupi. Chimene anthu ambiri sakhulupirira n'chakuti m'zaka zomalizira mowa sunkandikomeranso. Ndinkamwa ndikunyansidwa nawo, nthawi zina botolo loyamba ndinkalisanza, koma ndinkaufuna kuposa mmene ndinkaufunira pamene unkakoma.

Bambo mphunzitsi akunena zoona kuti munthu akhoza kubisala kumbuyo kwa matenda, ndipo ndawaonapo anzanga akutero. Koma kwa ine zinayenda mwa njira ina. Pa nthawi yonse imene ndinkadziona ngati munthu woipa ndi wopanda pake, manyazi ankandibweza ku mowa, chifukwa mowa ndi umene unkaziziritsa manyaziwo kwa maola ochepa. Dokotala atandiuza mosanyoza kuti vuto langa ndi lodziwika, lili ndi dzina ndi chithandizo, ndinapeza mphamvu yoti ndilankhule zoona. Dokotala yemweyo anandiuzanso kuti iye sangandisiyire mowa, ndipo ntchito yotsala inali yanga. Ndinagonekedwa masiku oyamba, kenako ndinalowa gulu la anthu osiya mowa lotsatira njira ya Alcoholics Anonymous, imene inayamba ku Akron ku America mu 1935. Anthu ena amadabwa kuti gulu limene limaphunzitsa munthu kuvomereza kuti mowa wamuposa mphamvu ndi lomwenso limamuuza kuti alembe mayina a onse amene anawalakwira, apite akapepese ndi kubweza zimene angathe. Ine sindinaonepo kutsutsana pamenepo. Ndinasintha njira yobwerera kunyumba, ndinasiya kuyenda ndi ndalama zambiri m'thumba, ndipo anzanga ena ndinasiyana nawo ngakhale kuti sanandilakwire.

Abale anga anandithandiza kwambiri pamene anasiya kundilipirira ngongole ndi kunama kwa anthu pofuna kundibisira zolakwa zanga, koma osanditsekera khomo. Ankandipatsa chakudya osati ndalama, ankakana kukambirana nane nditaledzera, ndipo ndikakhala bwinobwino ankandiuza mosapsatira zimene ndachita, popanda kunditukwana. Bambo anu ndi mayi anu akhoza kugwirizana pa zochita ngati zimenezi ngakhale asanagwirizane pa funso lanu.

Wophunzira Zamalamulo analemba kuti:

Ndiwonjezereko mwachidule mmene makhoti anaonera nkhaniyi, chifukwa iwo sangathe kuisiya m'malere. Mu 1962, pa mlandu wa Robinson ndi boma la California, khoti lalikulu la America linagamula kuti munthu sangalangidwe chifukwa chongokhala wokodwa ndi mankhwala osokoneza bongo, popeza kutero n'kulanga munthu chifukwa cha kudwala. Patangotha zaka 6, mu 1968, khoti lomwelo linamva mlandu wa Powell ndi boma la Texas, wa bambo amene anamangidwa chifukwa choledzera pagulu ndipo anadziteteza ponena kuti uchidakwa ndi umene unamukakamiza. Oweruza 5 mwa 9 anakana chodzitetezeracho. Malire amene anaikidwa ndi akuti mkhalidwe wa munthu sulangidwa koma zochita zake zimalangidwa, ndipo n'chifukwa chake dalaivala woledzera amene wagunda munthu sangapulumuke ponena kuti ndi chidakwa.

Dziko la Portugal linasintha lamulo mu 2001 kuti munthu wopezeka ndi mankhwala osokoneza bongo ongokwanira iye mwini kwa masiku osapitirira 10 asamatengeredwe kukhoti la milandu, koma azikaonekera ku komiti imene ingamutumize kuchithandizo kapena kumulipiritsa chindapusa. Mankhwalawo anakhalabe oletsedwa ndipo ogulitsa amamangidwabe. Dzikolo linaikanso ndalama zambiri pa chithandizo, ndipo chiwerengero cha anthu otenga HIV kudzera m'majakisoni obwerekana chinatsika kwambiri. Dera la Oregon ku America linayesa zofananako kuyambira ndi voti ya mu 2020, koma chithandizo chinachedwa kufika kwa anthu pa nthawi imene fentanyl, mankhwala a mtundu wa heroin koma amphamvu kwambiri kumuposa, anali kufalikira, ndipo mu 2024 aphungu a nyumba ya malamulo anabwezeretsa zilango. Kwa ine izi zikuonetsa kuti kungochotsa chilango sikuchiritsa munthu, monganso ndende payokha simuchiritsa.

Namwino analembanso kuti:

Bambo mphunzitsi, kafukufuku wa Lee Robins ndi woona ndipo amatikumbutsa ife achipatala kuti anthu ambiri amachira, zimene nthawi zina timaiwala chifukwa amene timawaona mobwerezabwereza ndi amene zikuwakanika. Koma tisaiwale kuti asilikali aja anali anyamata amene anakhala ndi heroin kwa miyezi yowerengeka, ambiri ankasuta kapena kukoka m'mphuno osati kudzibaya, ndipo anachotsedwa pamalo ndi pagulu limene anazolowera n'kuwolotsedwa nyanja. Munthu amene wamwa kwa zaka 20 sapatsidwa mwayi wotere, pakuti amachira akudutsa pakhomo pomwepo pamene ankamwera. Komanso 12 aja mwa 100 ndi anthu enieni, ndipo ndi amene amafika m'manja mwathu.

Ndikuganiza kuti ine ndi inu tikuyang'ana anthu osiyana. Buku limene madokotala a matenda a maganizo ku America amagwiritsa ntchito, DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013, lili ndi zizindikiro 11, monga kumwa mopitirira mmene munthu anafunira, kulephera kuchepetsa, chibaba, kusiya ntchito ndi zosangalatsa zina, ndi kupitiriza ngakhale thanzi likuonongeka. Wokhala ndi zizindikiro ziwiri kapena zitatu vuto lake ndi laling'ono, zinayi kapena zisanu ndi lapakatikati, ndipo kuyambira 6 ndi lalikulu. Ziwerengero za anthu osiya paokha zimachokera ku kafukufuku wa anthu onse, mmene a vuto laling'ono amachuluka. Amene ali kumapeto enawo kawirikawiri amakhalanso ndi matenda a nkhawa, kukhumudwa kwakukulu kapena mabala a nkhanza zimene anakumana nazo ali ana, ndipo ambiri anayamba ali aang'ono. Oyamba kumwa asanakwanitse zaka 15 anapezeka kuti amakodwa kuwirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi oyamba ali ndi zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo n'zovuta kunena kuti mwana wa zaka 14 anasankha akudziwa zimene zidzachitike ali ndi zaka 40.

Zimene afotokoza bambo amene anasiya kumwawa, zoti ankaufuna mowa pamene sunkawakomeranso, n'zimene Terry Robinson ndi Kent Berridge a ku yunivesite ya Michigan anafotokoza mu 1993. Iwo anaonetsa kuti kufuna chinthu ndi kuchimva kukoma zimayendetsedwa ndi njira zosiyana mu ubongo, ndipo mankhwalawa amakulitsa kufuna pamene kukoma kukuchepa. Oyendetsa matakisi anu sanaphunzire misewu ya London akudana nayo ndi kulira kuti aileke. Za makuponi, ife timawaona ngati chithandizo chimene chimagwirizira kudziletsa kofooka pobweretsa mphotho pafupi, ndipo n'zodziwika kuti makuponi akatha anthu ena amabwerera.

Chimene chimandichititsa kuumirira pa mfundo yanga ndi zimene zimachitikira anthu pamene vutoli laonedwa ngati la khalidwe lokha, chifukwa pamenepo mankhwala othandiza saperekedwa. Pa mowa alipo naltrexone, amene amachepetsa chibaba ndi kumwa kopitirira, acamprosate, amene amathandiza munthu amene wasiya kale kuti asabwerere, ndi disulfiram, amene amadwalitsa munthu akamwa mowa ndipo amathandiza makamaka pakakhala wachibale woonetsetsa kuti wamwedwa. Onsewa ayenera kulembedwa ndi dokotala atayeza chiwindi ndi impso, ndipo amagwira bwino ntchito akaphatikizidwa ndi uphungu. Pa heroin ndi mankhwala a mtundu wake pali methadone, amene madokotala Vincent Dole ndi Marie Nyswander anaonetsa ubwino wake ku New York mu 1965, komanso buprenorphine, ndipo anthu amene ali pa mankhwalawa chiopsezo chawo cha imfa chimatsika ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi amene sali pa chithandizo. Anthu ena amanyoza kuti uku n'kungosinthanitsa mankhwala, ndipo amakakamiza wachibale wawo kuti asiye msanga, osadziwa kuti nthawi yoopsa kwambiri ndi imene munthu wangosiya kumene. Wotuluka m'ndende kapena m'chipatala thupi lake limakhala litaiwala mlingo wakale, ndipo akabwerera pa mlingo womwewo kupuma kumaima. N'chifukwa chake imfa zotere zimachuluka kwambiri m'masabata awiri oyamba munthu atatuluka m'ndende, ndipo mayiko ena tsopano amapereka naloxone, mankhwala odzutsa munthu amene kupuma kwake kwaima ndi heroin, kwa akaidi otuluka ndi kwa abale awo kuti azikhala nawo pafupi.